Mphasa ya m'Galaja

Pakati pa madala amene ankasonkhana Loweruka lililonse masana kudzamwa kava, chakumwa cha mizu cha kwawo ku Tonga, m'galaja ya Kalolaine ku Griffith, ulemu sunkayendera imvi. Unkayendera chaka chimene munthu anapereka mapepala ake kuboma. Potero a Kelepi, bambo ake a Kalolaine, ndiwo ankakhala kumutu kwa mphasa, moyang'anizana ndi mbale yaikulu ya kava, ndipo chikho choyamba chinali chawo. Pa nkhani ya kudikira, ena onsewo anali ana.

Mapepalawo anali opempha kukhazikika mu Australia monga kholo la mwana wokhala konkuno. Tsiku lopereka, munthu amene ankawathandiza kulemba anawauza mosapsatira kuti mzere wa makolo ndi wa zaka pafupifupi makumi atatu. A Kelepi, amene panthawiyo anali atapuma kale pantchito ndipo mano awo ena ankagona m'kapu, anagwedeza mutu ngati munthu wouzidwa kuti basi ichedwako pang'ono. Anapatsidwa chiphaso chodikirira. Chiphasocho chinkawalola kukhala, kudya ndi kukalamba m'dzikomo mwalamulo. Koma akanangotuluka osapempha kaye chilolezo china chapadera, chitseko chikanatsekeka kumbuyo kwawo.

Za kudikira ankazidziwa kuyambira kale. Kwawo ku Tonga anali kalaliki wa padoko la Pangai, m'zilumba za Ha'apai, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yawo inali youza anthu okhala pa mitolo yawo kuti sitima ibwera. Ankanena zimenezi atavala malaya oyera, chidindo chili m'thumba. Nthawi zina sitimayo inkabweradi.

Ndiye m'galaja muja iwo anali mphunzitsi, ndipo chiphunzitso chawo chachikulu chinali chakuti fayilo sigwedezedwa.

"Fayilo ili ngati nkhuku yofungatira," ankatero. "Ukangoimba foni kufunsa, amaichotsa pamulu kuti aione. Akatha kuiona amaibwezera pati? Pansi. Ukapempha zotuluka, chimodzimodzi. Umangokhala phee."

"Munaziwerenga pati zimenezi, bwana wa padoko?" ankafunsa a Pauliasi, mnzawo amene anapereka mapepala mochedwa ndipo ankakhala kufupi ndi chitseko, kolowera mphepo.

"Ine ndagwira mafayilo iwe ukuweta nkhumba."

"Nkhumba zangazo zinkabereka. Nkhuku yanuyi yaswa anapiye angati?"

Anthu ankaseka, koma mwaulemu, chifukwa aliyense ankadziwa wina wake amene anapita kwawo kumaliro mothamanga, osapempha chilolezo, ndipo mpaka lero ali komweko, akutumiza moni. Kuti munthuyo analakwitsa posapempha, osati popempha, a Kelepi sankakuona ngati kusiyana kwenikweni.

Kumapeto kwa mzerewo, ankati, kuli dokotala woyeza ngati munthu adakali ndi thanzi loti dziko n'kumulandira. Chifukwa cha dokotala ameneyu, amene mwina anali asanabadwe, a Kelepi anasiya nyama ya m'chitini, ndipo m'mawa uliwonse ankayenda ndawala m'mbali mwa ngalande yothirira minda ya malalanje, akuponya manja ngati msilikali.

Munthu mmodzi yekha padziko lapansi ndi amene sankachita nawo mantha. Ameneyu anali mlongo wawo wamkulu, a Melenaite, amene anatsala pa kachilumba ka Ha'afeva. Mlongo wamkazi ndi wamkulu kwa mwamuna, kaya mwamunayo ali ndi chidindo, ndipo a Melenaite sankalola kuti mfundoyi ichite dzimbiri. Pachilumbapo foni imagwira padoko pokha, ndiye Lamlungu akaweruka kutchalitchi ankatsika ndi ndodo yawo, mwana wawo Seini atawagwirira foni kutsogolo.

"Kelepi, wanenepa. Kudikira kukukomera."

"Ndi foniyi, achemwali. Imakulitsa nkhope."

"Ubwera liti?"

"Zinthu zili pafupi."

"Unanenanso choncho chaka chimene mphepo inasasula denga la tchalitchi. Denga tinakhoma lina. Lachitanso dzimbiri."

"Zaboma zili ndi ndondomeko yake, achemwali."

"Mvera kuno. Ine ndikafa sindikufuna zolankhula zako zazitali zija. Ndikufuna ukhale kuseri, pautsi, utavala chimphasa chachikulu chong'ambika, chofika m'makutu. Anthu apano akuoneko ukuwiritsa tiyi. Chibadwire sunawiritsepo madzi iwe."

A Kelepi ankaseka. Mwambo wake ndi womwewo. Pamaliro a mkazi, alongo ake aamuna sakhala pamene pakhala alendo. Ena onse amamanga m'chiuno mphasa zachisoni zooneka bwino, koma mlongo amavala yakale, yaikulu, yothetheka, n'kukatumikira kuseri kwa nyumba kumene kuli moto. Kukula ndi kutha kwa mphasayo ndiko kumaonetsa mmene munthu wadzichepetsera pamaso pa womwalirayo. A Kelepi ankaudziwa bwino mwambowu. Anali atadzudzulapo anthu ambiri ouphwanya.

Nyengo yozizira itayamba, Lamlungu lina pafoni panaoneka Seini yekha, kumbuyo kwake kuli nyanja.

"Amalume, amayi sanathe kutsika lero. Miyendo yatupa."

"Awaone adokotala."

"Anamwino awaona. Akuti ndi mtima."

Lamlungu lotsatira anali Seini yekhanso. Foni singagwire kunyumba, ndipo a Melenaite sangafike padoko. Kuyambira pamenepo mawu ankayenda wapansi: Seini ankamvera amalume ake, n'kukwera mtunda kukawatula kunyumba, ndipo yankho linkabwera patapita sabata.

Kalolaine anaiyamba nkhaniyo akusita yunifolomu yake ya kunyumba yosamalirako okalamba, kumene ankagwira ntchito.

"Ababa, tipemphe chilolezo chotuluka. Amapereka. Munthu ukakhala ndi chifukwa chomveka amapereka, umapita n'kubwerako, malo ako pamzere ali pomwepo."

"Wakuuza ndani?"

"Zalembedwa poyera. Aliyense atha kuwerenga."

"Zolembedwa poyera n'za anthu wamba. Ine ndikunena zimene zimachitika mkati mwa ofesi."

"Ofesi yake iti? Ya ku Pangai?"

A Kelepi anakhosomola. Sabata yomweyo m'galaja munali mutamveka kuti msuweni wa munthu wina ku Sydney anamva kuti anthu a chaka chawo ayamba kuitanidwa kwa dokotala. Msuweniyo panalibe amene ankamudziwa dzina, koma nkhani yake inalandiridwa ndi manja awiri.

"Zaka zonsezi ndakhala phee," anatero. "Ndigwedeze fayilo lero, itafika pamwamba? Azakhali akowo ndi olimba. Anapirira mphepo zamkuntho zingati? Tingomaliza izi, ndipite ngati munthu, ndi chitupa chenicheni m'manja."

"Iwo akufuna inuyo, ababa, osati chitupa."

"Sita zovala."

Koma m'mawa mwake, m'mbali mwa ngalande, manja sankaponyeka bwino. Ankaganiza za zidzukulu zawo zobadwira konkuno, zimene zinkayankha m'Chingerezi zikafunsidwa m'chinenero cha kwawo. Ankaganiza za akazi awo, amene anabwera nawo limodzi, napereka mapepala limodzi, ndipo tsopano anali kumanda a ku Griffith, atakhazikika popanda chilolezo cha munthu. Akanapita n'kulephera kubwerako, ndani akanamakazula udzu pamenepo? Ndipo akanabwerera ku Ha'apai chimanjamanja, anthu amene ankawauza kale kuti sitima ibwera akanawafunsa chiyani? Funso lomalizali ankalikankhira kumbuyo, koma ndi limene linali ndi mawu okwera.

Masabata anapita. Dokotala sanaitane munthu aliyense. Msuweni wa ku Sydney uja anasowa m'nkhani ngati mmene analoweramo.

Kenako Lamlungu lina Seini anaoneka atatopa, tsitsi losapesa.

"Amalume, andituma mawu. Akuti ndinene mmene anenera, ndisakonze."

"Nena."

"Akuti ndikufunseni, abwana a padoko, ngati sitima ija ibwera, kapena anthu azipita kwawo."

A Kelepi anayang'ana foniyo. Kumbuyo kwa Seini bwato lina linkagunda matayala omangidwa padoko.

"Ukawauze kuti ibwera."

Madzulo a tsiku lomwelo anatuluka kuchipinda atavala jekete ndi tayi, nakhala patebulo la kukhitchini pamene Kalolaine anali atatsegula kompyuta. Kalolaine anayang'ana tayiyo. Boma silinkawaona, koma a Kelepi sankapita kuboma ndi malaya wamba. Anayankha mafunso onse mokweza mawu, ngati pali wina akulemba kuseri. Pomaliza kompyuta inathokoza, n'kunena kuti pempho lawo lalandiridwa ndipo liunikidwa.

"Liti?"

"Sananene. Ena masiku ochepa, ena masabata. Ndalemba kuti ndi matenda aakulu."

"Ndiye kuti nakonso kuli mzere."

"Waufupi, ababa."

A Kelepi anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Anaikamo mabulangete awiri ofewa, mafuta opaka miyendo, ndi tiyi wa m'mabokosi amene a Melenaite ankati ndi wonunkhira ngati sopo koma ankamwa ndithu. Sutikesiyo inaima pakhomo la chipinda chawo, ndipo aliyense wodutsa ankaipewa mwaulemu. Loweruka m'galaja sanaphunzitse kanthu. A Pauliasi anayesa kuwaputa kawiri, kenako anawasiya.

Uthenga unawapeza m'mbali mwa ngalande, Lachinayi m'mawa, udzu uli mbuu ndi chisanu. Anaona galimoto ya Kalolaine ikubwera pang'onopang'ono mumsewu wafumbi, nthawi imene iye amayenera kukhala kuntchito, ndipo anasiya kuponya manja. Kalolaine anatsika, osatseka chitseko.

"Azakhali atisiya m'bandakucha."

"Chilolezo chija?"

"Sichinabwere. Ngakhale chikanabwera lero, ababa, ndege, kenako sitima ya ku Ha'apai... Kuchilumba kulibe kosungira thupi. Aika mawa."

A Kelepi anayang'ana mitengo ya malalanje, imene inali m'mizere yake yowongoka mpaka kutali.

"Anafunsa za ine?"

"Seini akuti dzulo anamuuza kuti asatseke kukhomo, mwina mufika."

Pofika masana uthenga unali utazungulira mpingo wonse, ndipo zinadziwika kuti mawa lake anthu adzabwera kunyumba kudzapemphera pa nthawi imene kwawo akuika maliro. Kalolaine anavala zakuda, nasolola pansi pa bedi mitolo ya mphasa zokulungidwa m'mapulasitiki. Anaziyala pabalaza imodzi imodzi. Zonse zinali zabwino: zoluka mosalala, zonunkhira mankhwala a njenjete, zina za ukwati, zina za ubatizo, zina zachisoni koma zaulemu wake.

A Kelepi anazigwira ndi nsonga za zala.

"Yong'ambika ilipo?"

"Ababa, ndani angakwere ndege ndi sanza? Aliyense amabweretsa yabwino."

Kalolaine anaimbira mabanja ena a mumpingo. Yankho linali lomwelo. Anthu anawoloka nyanja ndi zinthu zoti akaoneke nazo bwino kuchilendo. Mayi wina anati ali nayo yakaleko ndithu, koma itabwera inapezeka kuti yangofiira m'mphepete. Mayi wina anapereka nzeru yoti atenge yatsopano aicheke ndi sizasi.

"Achemwali angaone," anatero a Kelepi. Panalibe amene anatsutsa.

M'mawa wa tsiku la maliro a Pauliasi anafika molawirira kudzathandiza kunyamula mipando. Anapeza chitseko cha galaja chili pululu, mbale ya kava itakankhidwira kukhoma, a Kelepi atagwada pasimenti akupinda mphasa yapansi ija. Inali yaikulu, yoluka mokhakhala, imene inabwera kalekale itakulunga katundu wa wina. Inali ndi mawanga a kava amene anatayikira Loweruka ndi Loweruka, banga la oyilo wa galimoto pakona, ndi m'mphepete monyenyeka. Kumutu kwake, pamene a Kelepi ankakhala zaka zonsezi, inali itabooka chibowo chachikulu chozungulira.

A Pauliasi anaima pakhomo, ndipo a Kelepi anawacheukira.

"Usangoima. Ndimange."

Chingwe choyenera panalibe, ndiye anadula chingwe choyanikira zovala. A Kelepi anakweza manja, ndipo a Pauliasi anawazunguliza mphasayo kawiri. Inayambira kuakakolo n'kupitirira mapewa, m'mphepete mwake mukukanda makutu. Fumbi la zaka linawagwera m'tsitsi. Chibowo chija chinagwera kumbuyo, penipeni.

"Bwana wa padoko," anatero a Pauliasi motsitsa mawu, akumanga mfundo, "chibowochi chikudziwa mwini wake."

"Manga zolimba."

Anthu anayamba kufika, atavala zakuda ndi mphasa zawo zaulemu. Abusa atalowa anafunsa kumene kuli a Kelepi, chifukwa mpando wawo unali utaikidwa kutsogolo, ndipo pamwambo uliwonse wa mpingowo iwo ndiwo ankalankhula mawu othokoza, nthawi zina mpaka chakudya kuzizira. Kalolaine anawalozera kuseri. Abusa anasuzumira pawindo la kukhitchini, nayang'ana kanthawi, n'kubwerera kukayambitsa nyimbo.

Kuseriko kunali mbaula ya gasi ndi chiphika chachikulu cha madzi. A Kelepi anaizungulira mbaulayo kawiri. Kuwerama kunali kovuta chifukwa mphasa sinkapindika. Anapotokola apa, napotokola apo, mpaka a Pauliasi anatambasula dzanja.

"Usakhudze. Ungondiuza."

"Tsegulani kaye kubotoloko. Ayi, mbali inayo."

Moto unayaka, wabuluu, waukhondo. A Kelepi anadula buledi mokhotakhota, napaka batala wambiri pena, pena osapaka. M'nyumba nyimbo inakwera, mawu aamuna pansi, aakazi pamwamba, nyimbo imene a Melenaite ankaiimba mokweza kuposa aliyense ndiponso patsogolo pang'ono pa aliyense.

Dzuwa litapendeka, Kalolaine anatuluka ndi foni. Kwawo anali ataika kale, ndipo Seini anali atatsikira padoko. Maso ake anali otupa.

"Amalume, tawaika pafupi ndi agogo. Zonse zayenda bwino."

"Pali anthu pamenepo?"

"Alipo ambiri. Akudikira bwato lobwerera kuzilumba zina."

"Tembenuza foniyo. Andione."

Kalolaine anabwerera m'mbuyo kuti thupi lonse lioneke. Pagalasi la foni panadzaza nkhope, zina zimene a Kelepi ankazidziwa zili zazing'ono, zina zokalamba moti anazizindikira ndi mawu okha. Anthu aja anayang'ana kalaliki wawo wakale ataima m'chimphasa chamawanga, chikho cha tiyi chili m'manja. Kenako gogo wina wopanda mano, mnzawo wa a Melenaite wa kukwaya, anasendeza nkhope yake pafupi.

"Ndi Kelepi ameneyu? Mphasayo ndiye wapeza yeniyeni. Nanga utsi uli kuti?"

Foni inadukaduka, nkhope zinauma, kenako inazima.

A Kelepi anaika chikho pansi. Anapita kumpanda kumene mkamwini wawo anaunjika nthambi zodulira za malalanje, nazikoka mtolo, akupunthwa ndi mphasa. Anaziunjika pa dothi pakati pa bwalo. Zinali zaziwisi ndi zonyowa ndi mame. Anawononga machesi ambiri ndi nyuzipepala yonse zisanagwire, ndipo zitagwira sizinayake kwenikweni, zinangofuka. Utsi woyera, wolemera, unakwera n'kuwakuta, n'kudutsa mpanda kulowa kwa aneba. Anachotsa chiphika pagasi, nachikhazika pa njerwa pamwamba pa nthambizo, n'kukhala pansi pambali pake, mphasa itaima mowazungulira ngati nkhokwe.

Kalolaine anayesa kuimbanso kangapo. Seini anali atachoka padoko.

"Sikugwira, ababa. Palibe amene akuona."

"Pita ukaone ngati alendo ali ndi shuga."

Tiyi wa tsiku limenelo ankanunkha utsi moti ana anamusiya m'makapu. Akuluakulu anamwa yense, ena mpaka kupempha wina.

Masiku a chisoni onse a Kelepi sanavule mphasayo kupatula pogona ndi posamba. Kungalande sanapiteko. Chilolezo chotuluka chinafika mkati mwa sabata yotsatira, ndi mawu aulemu owafunira ulendo wabwino. Kalolaine anazengereza tsiku lathunthu asanawauze, ndipo anawauzira m'galaja Loweruka, madala atakhala pa makatoni chifukwa simenti inali yozizira. Pakati pa galajayo panali malo oyera, a makona anayi, pamene mphasa inkakhala. A Kelepi anali atakhala kufupi ndi chitseko, kolowera mphepo, ndipo chikho choyamba chinali chitapita kwa wina.

Anamvetsera mpaka Kalolaine anamaliza.

"M'ndege angandilole kukwera nayo imeneyi?"

"Mukufuna kupitabe?"

"Ndinawauza kuti ibwera."

"Tiikulunga, ababa. Mukavalira padoko."

"Mabulangete aja uchotsemo m'sutikesi. Tiyi usiye, Seini amwa."

Madala anayang'anana. A Pauliasi anazunguza chikho chawo, nafunsa mosaseka:

"Nanga fayilo, bwana? Mwaigwedezatu."

A Kelepi anakonza chingwe choyanikira zovala chimene chinayamba kumasuka m'chiuno.

"Akaitana, uwauze adikire."